Inde, ana ndinapita nawo ku pub, ndiye mwati bwanji?

Ndimafuna kungokhala chete chifukwa cha ulemu, koma ayi, zandikwana, ndipo amene akwiye akwiye. Nkhani yake ndi chithunzi chimodzi basi. Lamulungu titaweruka ku tchalitchi tinapita kukadya kunja ku pub, malo ogulitsa chakudya ndi mowa, ine, abambo a kunyumba ndi ana. Ndinawajambula anawo atakhala pa thebulo, mbale za nsomba ndi chipisi zili patsogolo, juwisi m'matambula, n'kuponya pa gulu lathu la banja la pa WhatsApp. Mlandu wa chithunzicho ndi woti chakumbuyo kunkaoneka kauntala ndi mipopi ya mowa. Posakhalitsa voice note ya azakhali yalowa, mawu ali njenjenje ngati kwagwa maliro: "Mwana wanga, kodi mwafika poti ana mukupita nawo ku mowa? Ku Ulayako kwakusinthani chonchi?" Alamu anga nawonso sanachedwe, anangolemba kuti "tiziwakumbukira m'mapemphero."

Mundikumbukire m'mapemphero chifukwa chiyani, alamu? Ana anadya nkhomaliro. Anadya, anakhuta, anapukuta pakamwa, tinabwerera kunyumba dzuwa likanali m'mwamba. Palibe anawalawitsa mowa, palibe chidakwa chinawagwera, palibe anatukwana pamaso pawo. Inu mwangoona mipopi, basi mwagamula kale mlandu, osafunsa n'komwe kuti kodi kumeneko n'kuti, kuli chiyani, munakatani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, azakhali.

Poti simunafunse, ndikuuzani ndekha. Malo ake ndi Ye Olde Trip to Jerusalem, konkuno ku Nottingham komwe tikukhala, m'munsi mwa thanthwe lomwe pamwamba pake pali Nottingham Castle. Pakhoma lake loyera analembapo zilembo zikuluzikulu zakuda, kudzitama kuti ndi malo akale kwambiri ofikirapo alendo mu England monse, ndipo anaikapo chaka cha 1189. Chimenecho ndi chaka chomwe Richard I analowa ufumu wa England, ndipo anthu amasimba kuti asilikali opita ku nkhondo ya ku Yerusalemu ankayamba aima pamenepa. Akatswiri a mbiri yakale amapukusa mutu, amati nyumba yomwe tikuionayi ndi ya m'zaka za m'ma 1600, ndipo The Bell Inn ndi Ye Olde Salutation Inn, za mumzinda momwemuno, nazonso zimalimbirana ukulu womwewo. Izo azikangana okha, ine sizindikhudza. Chomwe chinatitengera kumeneko n'choti zipinda zina za nyumbayo ndi mapanga enieni, osemedwa m'thanthwe. Pansi pa mzinda uno pali mapanga oposa 800 okumbidwa ndi manja a anthu, ndipo awawa ankafululiramo ndi kusungiramo mowa chifukwa mumakhala mozizira chaka chonse. Mwana wanga wamkulu anamva za mapangawa kusukulu, akhala akutivutitsa kuti tikawaone. Ndiye ndimuuze kuti ayi, usaone mbiri ya mzinda womwe ukukuliramo, chifukwa azakhali ali ku Area 25 aona mipopi?

Wamng'onoyo anasisita khoma ndi chala, timchenga n'kutsalira pachalapo, n'kuthamangira kudzandionetsa kuti amayi onani, nyumba ikusungunuka. M'chipinda cham'mwamba muli kasitima kapamadzi kosema, kali m'bokosi la galasi, fumbi lili mbuu, ulusi wa akangaude uli lendelende. Sakapukuta dala, akuti aliyense amene anayesapo kukapukuta anamwalira mosadziwika bwino. Ana anaima pamenepo maso ali tong'o, wamkuluyo n'kufunsa kuti kodi azungu nawonso amaopa zamatsenga? Abambo awo anaseka mpaka misozi. Pali mpando wina wakalekale womwe amati mayi akaukhalira satha nthawi asanaime, ine ndinaudutsa patali ndithu, awiriwa andikwana. Pansi pali masewera a mphete yomangidwa ku chingwe cholendewera kudenga, umaiponya kuti ikakole pa nyanga ya ng'ombe yomwe ili kukhoma. Gogo wina wachizungu, ndodo yake ili pambali, anamugwira dzanja mnyamata wanga n'kumuonetsa kuti usaponye molunjika, izungulitse cham'mbali. Mwana analephera, analephera, kenako mphete ija kolee! Anthu a pa mathebulo ena anamuombera m'manja. Mpaka pano ndi nkhani yomwe akusimbira anzake.

Kumeneku ndiye kuwononga ana? Zimenezi ndiye mukuitanira mapemphero?

Mukamva kuti malo ogulitsa mowa, m'mutu mwanu mumabwera Bwandilo usiku wa Lachisanu, kapena ku Kamba mwezi ukangotha: sipika zili pakhomo, utsi wa fodya, kanyenya panja, wina akukodza kuseri kwa galimoto. Chabwino, kumeneko nanenso mwana wanga sindingapite naye. Mwina n'chifukwa choti kwathu malo omwera timawatenga ngati a amuna okhaokha, mkazi akangolowamo watchedwa kale dzina, kaya. Koma musatenge zimenezo n'kuzimata pa malo omwe simunapondepo phazi. Kuno Lamulungu masana mumapeza agogo ndi zidzukulu, mayi akudyetsa khanda pa kampando kake, banja lochokera kobatizitsa mwana, galu atagona pansi pa thebulo lapanja. Kusuta fodya m'kati kunaletsedwa kalekale, pa 1 July 2007. Lamulo la chaka cha 2003 limalola mwana wosakwana zaka 16 kulowa malinga ali ndi munthu wamkulu, ndipo mwini malo amaika yekha nthawi yoti ana azikhala atatuluka madzulo. Kugulitsa mowa kwa wosakwana zaka 18 ndi mlandu, ndipo sachita nazo zamasewera: ukamaoneka wachichepere amakufunsa chiphaso, ngakhale uli ndi ndevu. Wogulitsa sangaike laisensi yake pachiswe chifukwa cha botolo limodzi. Ndiye mwana wanga wa ku pulayimale akanaupeza bwanji mowawo, podzera m'chithunzi?

Sindikunena kuti kuno kulibe uchidakwa. Ulipo wochititsa manyazi, kadutseni pa Old Market Square, bwalo la pakati pa mzinda uno, Loweruka pakati pa usiku mukadzionere. Koma ine sindinapite ndi ana pakati pa usiku. Ndinapita masana, kukadya.

Chomwe chikundiwawa kwenikweni ndi chinyengo. Tiyeni tinene zoona, ndani mwa ife sanatumidwepo ali mwana kukagula chibuku, kapena kutenga kabotolo kukatapitsa kachasu kwa mayi uje kuseri kwa msika? Ife tinkatumidwa, chenji n'kugulira zitumbuwa, ndipo palibe anaitanitsa mapemphero. Masacheti aja ankagulitsidwa pa kawokala kalikonse, pambali pa maswiti ndi machesi, ana asukulu n'kumawabisa m'masokosi, mpaka boma linachita kuwaletsa mu 2015. Nthawi yonseyo azakhali munali kuti? Pa zinkhoswe, pa maukwati, pomanga ziliza, amalume amaledzera mpaka kuvula malaya, kutukwana akazi awo ana ali pompo akuonerera, ife n'kumangoti asiyeni, ndi mowa. Ana omwewo ndi amene timawatuma kukatola mabotolo, ena n'kumakhuthulira zotsalira m'kamwa kuseri kwa tenti. Zimenezo si nkhani. Nkhani ndi mwana amene wakhala pa mpando bwinobwino, foloko kumanja, akudya nsomba pafupi ndi bambo ake omwe amwa tambula imodzi n'kusiyira pomwepo. Mwana amawonongeka ndi zomwe akuona akulu akuchita, osati ndi mipopi yomwe ili kukhoma. Wanga waona kuti munthu atha kumwa imodzi, kulipira, kuthokoza, n'kupita kwawo akuyenda mowongoka. Wanu waona chiyani?

Ndipo musandiuze za chikhalidwe. Chikhalidwe chomwecho chili ndi mowa wa masese pa dima, chili ndi mowa pa zikumbutso za akufa, ana akusewera pabwalo pomwepo. Chikhalidwe mumachikumbukira pokhapokha mukafuna kumenya nacho mnzanu amene ali kutali. Ana anga amayankhula Chichewa, amagwada popereka moni, nsima amadya ndi manja, pa foni amakuyankhani kuti "tili bwino, kaya inu azakhali." Zonsezo simunaziyamikirepo ndi tsiku limodzi lomwe. Koma kauntala yokha ndiye mwaiona msanga, maso akuthwa bwanji.

Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma apa akuluakulu ndi amene akukolezera. Mukanakhala ndi nkhawa yeniyeni mukanandiimbira pambali, n'kundifunsa ngati mwana wanu, ine ndikanakufotokozerani mwaulemu. Mwasankha kuyankhulira pa gulu lomwe muli apongozi anga, azisuweni, ngakhale ana a achimwene omwe angogula foni chaka chino. Cholinga chinali kundilangiza kapena kundionetsa?

Ndiye pali ichinso, chomwe chandipsetsa mtima kuposa voice note ija. Ndamva kuti chithunzicho chafika pa gulu la amayi a kumpingo kumudzi, pansi pake atalemba kuti "taonani za kunja." Anakupatsani chilolezo ndani? Nkhope za ana anga zizizungulira m'mafoni a anthu omwe sindikuwadziwa, aliyense n'kumaikapo ndemanga yake? Khalidwe limeneli la kungoti chilichonse chalowa pa gulu la banja mwachiponya kale kwina latikwana. Wina akadwala, chithunzi chake ali pa bedi la kuchipatala chili pa status, mwini wake asanadziwe n'komwe. Maliro, achibale akumvera pa Facebook mwambo wokawauza usanachitike. Mwana wakhoza mayeso, mwajambula satifiketi yonse ndi dzina ndi tsiku lobadwa lomwe, n'kumwaza. Foni yotumizira zimenezo mwina ndi yomwe tinakutumizirani ife, bandulo yake ndi ya ndalama zomwe munati ndi za feteleza. Kuyambira lero zithunzi za ana pa gulupo iwalani. Amene anatumiza chija akudzidziwa, nambala yanga ali nayo, andiimbire yekha ndisanachite kumutchula.