Yukgaejang saphika ndi tomato, ndipo tsabola wake sathira m'madzi

Amene mukuyesa kuphika yukgaejang kunyumba, msuzi uja wofiira wa ku Korea wa nyama ya ng'ombe ndi bowa, maganizo anga ndi awa: ambiri mukulakwitsa pa tsabola. Mukumuthira m'madzi owira ngati mchere, ndiye amangoyandama, msuzi n'kukhala wotuwa komanso wokanda pakhosi. Kufiira kwa msuzi umenewu kumachokera m'mafuta amene tsabola wakazingidwamo. Tomato musamuyandikize n'komwe, anthu a ku Korea samuikamo.

Yambani ndi chidale cha ng'ombe, magalamu 600, chosadula. Chiviikeni m'madzi ozizira mphindi 30 kuti magazi atuluke, apo ayi msuzi umada ndi kununkha chiwisi. Ikani m'poto ndi malita 3 a madzi, anyezi mmodzi wathunthu ndi adyo pang'ono. Zikawira chotsani thovu, chepetsani moto, zibwate pang'onopang'ono ola limodzi ndi theka kapena awiri, mpaka madzi atsale ngati malita 2. Vuulani nyama, sefani msuzi. Nyama ikazizirako ing'ambeni ndi manja motsata ulusi wake. Mpeni ayi. Yong'amba imamwa zokometsera, yodula timabokosi imangoti gwa.

Tsopano pa tsabola. Wa ku Korea amatchedwa gochugaru, wosinja mokhakhala, wofiira kwambiri, wotsekemerako, ndipo ukali wake ndi wapakati. N'chifukwa chake amathira masupuni aakulu 4 osaopa. Mukathira kambuzi wochuluka chomwecho palibe angadye. Ngati gochugaru simunamupeze, tengani paprika masupuni 3 ndi tsabola wouma wosinja theka la supuni yaing'ono, muzionjezera mukalawa. Gochujang, phala lija la tsabola, limalemeretsa msuzi ndi kuutsekemeretsa. Ine ndimati lisiyeni, ngakhale ena amaikako pang'ono.

M'poto wouma thirani mafuta ophikira masupuni 2 ndi a chitowe masupuni 2. Ikanimo anyezi wamasamba wambiri, magalamu 300, wodula kutalika ngati chala. Ee, wambiri choncho, iyeyo ndiye amatsekemeretsa msuzi. Akafota, chepetsani moto kwambiri kenako thirani tsabola ndi adyo wosinja masupuni 2. Takasani mphindi imodzi yokha. Pa mbaula ya makala ndi bwino kuphula poto kaye, chifukwa tsabola wosinja amapserera msanga, ndipo akada basi, msuzi wonse umamveka zopserera ndipo palibe chokonzera. Mafuta akafiira, thirani nyama yong'amba ija ndi soya sosi masupuni 3, zisakanikirane musanathire msuzi. Ku Korea amagwiritsa ntchito soya sosi yotchedwa guk-ganjang, yomwe ndi yamchere kwambiri koma yosada. Soya sosi wamba imadetsa msuzi, choncho ngati muli ndi imeneyo ikani masupuni 2 okha, zotsalazo mumalize ndi mchere.

Bowa ndiye amene ambiri samulemekeza. Wa oyster, yemwe alimi athu amalimanso, magalamu 300, mung'ambeni ndi manja, mumufutse m'madzi owira mphindi imodzi, kenako mufinye. Mukamuponya wosafinya amatulutsa madzi ake m'poto, msuzi n'kusukuluka. Bowa wa shiitake wouma anayi aviikeni m'madzi ofunda mpaka afewe, dulani, ndipo madzi oviikirawo musataye, sefani muthire mumsuzi. Fungo lenileni lili mmenemo. Bowa wakutchire wa m'dzinja amathekanso, bola akhale amene mumamudziwa bwino ndipo mwatsuka mchenga wonse.

Mphukira za mphodza, magalamu 200, nazonso zifutseni pang'ono. Gosari, mphukira zouma za chomera cha m'mapiri zimene amaika ku Korea, zimafuna kuviika ndi kuwiritsa kaye chifukwa zaziwisi zili ndi poizoni. Zikasowa onjezerani bowa, osakathyola zofanana nazo kutchire.

Zonse zikalowa, vundikirani, zibwate pa moto wapakati mphindi 30. Pa mphindi 10 msuzi umakhala ukadali madzi ndi tsabola, chilichonse payekha. Lawani mchere kumapeto. Ofuna mazira, menyani awiri, tsanulirani mozungulira pamwamba ndipo musatakase mpaka agwirane, mukafulumira msuzi umachita mbuu.

Ku Korea amaudya ndi mpunga woyera wopanda mafuta, ngakhale m'masiku otentha kwambiri a chilimwe, ndipo ndi chakudya chimene amakonda kupatsa anthu obwera pamaliro. Wogona umakoma kuposa wa tsiku lomwelo. Ukazizira uikeni mufiriji, mawa mutenthetse mpaka uwire, ndipo mazira muthire nthawi imeneyo, osati dzulo lake.