Ndalama za ku Zambia zilibe nkhope ya munthu

Sabata yatha ndinapita ku Chipata ku maliro a azakhali. Pa Mwami ndikusintha ndalama, mnyamata wosinthayo anakweza K1000 yanga ya nkhope ya Kamuzu m'mwamba, n'kuiyang'ana bwinobwino, amvekere: "Amalume, mudala uyu mukali naye m'thumba?" Anzake anafa nacho chiseko. Ndinaseka nawo, koma zinandibaya.

Zimene anandipatsazo ndinaziona mbali zonse: nkhwazi ndi nyama zina, koma nkhope ya mtsogoleri ayi. Kale nkhope ya Kaunda inalipo pa ndalama zawo, koma atagwa pa chisankho cha 1991 anaichotsa, ndipo sanaikepo ya wina.

Ife nanga? Kamuzu anamwalira mu 1997, koma ukatera pa ndege ndi Kamuzu, ukadwala ku Lilongwe ndi Kamuzu, mpira ku Blantyre ndi Kamuzu, pa 14 May tchuthi. Muluzi anayesa kufufuta ena mwa mainawa, Bingu anawabwezeretsa, kenako naye anayamba kutchedwa Ngwazi. Kamuzu, munthu amene anakhala mtsogoleri wamuyaya mu 1971, amene chithunzi chake m'sitolo sichinkayenera kupitiriridwa ngakhale ndi wotchi ya pakhoma! Mayi anga amasimba mmene ayufi ankaimira pa chipata cha msika, wopanda kadi ya chipani abwerere ndi dengu lake, ndipo mayi woyembekezera ankamugulitsa makadi awiri, ina ya ali m'mimbayo. A Mboni za Yehova atakana makadiwo anawotcheredwa nyumba, mu 1972 n'kuthawira ku Sinda Misale. Kuti? Ku Zambia komweko.

Chabwino, ndivomere. Anzathuwa asadziyeretse. Nawonso analowa chipani chimodzi, anyamata a UNIP, chipani cha Kaunda, ankavutitsanso anthu m'misika, ndipo ankafuula m'Chibemba kuti kumwamba Mulungu, pansi Kaunda. Pa chisankho munthu ankangosankha inde kapena ayi, ndipo ayiyo ankamujambulira chule. Mtsogoleri kupikisana ndi chule, tangoganizani. Bwalo la ndege la ku Lusaka nalonso analipatsa dzina lake mu 2011. Ndiye kulambira munthu amakudziwa.

Koma iwo nkhani ya chuleyo amaisimba akuseka. Ife ukangotchula ndende ya Mikuyu, kapena nduna zitatu ndi phungu amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983, wina amakudula pakamwa: "Koma nthawi imeneyo tinkadya katatu." Ndipo amayi akuvinirabe atsogoleri pa dzuwa, nkhope ya munthu ili pa chitenje. Changosintha ndi mtundu wa nsalu.

Pobwerera ndinatsala ndi K20 ya ku Zambia. Mwana wanga wa Sitandade 4 anaitembenuza kangapo, n'kundifunsa kuti, "Adadi, ndiye kumeneko alibe pulezidenti?"