Snape timamutamandira pa chinthu cholakwika

Anzanga owerenga mabuku a Harry Potter, nkhani ya Severus Snape, mphunzitsi wa Harry pa sukulu ya matsenga ya Hogwarts, ikukanika kuzilala. Buku lomaliza linatuluka mu 2007, koma mpaka lero akangotchulidwa munthuyu timagawikana. Ena akuti palibe mwamuna anakondapo mkazi ngati iye, ena akuti anali munthu wankhanza amene wolemba, J.K. Rowling, anangomupatsa imfa yomvetsa chisoni kuti timukhululukire. Ine ndikuti Snape anasinthadi, ndipo kusintha kwakeko ndimakulemekeza. Koma zimene ankamva pa Lily Evans, mayi ake a Harry, ndiye mbali yodwala ya moyo wake, ndipo zimandipweteka kuona anthu akuzitenga ngati chitsanzo cha chikondi.

Ubwana wake ndimaumvera chisoni ndithu. Anakulira ku Spinner's End, dera la anthu osauka, m'nyumba imene bambo ake a Tobias ndi mayi ake a Eileen Prince ankangokhalira kukangana. Ankavala zovala zosamukwana, analibe mnzake. Lily ndiye anali munthu woyamba kumuona ngati munthu, ndipo Snape ndiye anamuuza Lily kuti zodabwitsa zimene ankachita zija zinali matsenga. Mwana wosowa chikondi akapeza munthu mmodzi womusekerera amamukakamira ndi manja awiri. Pamenepa sindimuweruza.

Mavuto anayambira ku Hogwarts. Ambiri amakumbukira tsiku limene James Potter, amene anadzakwatira Lily n'kubereka Harry, anamuzondotsa m'malere pamaso pa anzake, Lily n'kubwera kudzamuteteza, iye n'kumutukwana ndi chipongwe chonyozera anthu obadwa kwa makolo osadziwa matsenga. Omuikira kumbuyo amati anali ndi manyazi, mawu anangomupulumuka. James anachitadi nkhanza, zimenezo palibe angatsutse. Koma werenganinso zimene Lily anayankha usiku umene Snape anabwera kudzapepesa. Sanathetse ubwenzi chifukwa cha tsiku limodzi. Anamukumbutsa kuti aliyense wobadwa ngati iye amamutchula dzina lomwelo, ndiye iyeyo akusiyana nawo pati? Anali atamuchenjeza kale za anzake aja, Mulciber ndi Avery, ndi zoipa zimene ankachitira ana ena. Snape ankafuna zinthu ziwiri nthawi imodzi, kukhala ndi Lily komanso kulowa gulu la mfiti yankhanza Voldemort limene linkafuna kufafaniza anthu a mtundu wa Lily. Atauzidwa kuti asankhe, anasankha gululo.

Tsopano tifike pamene pali mtima wa nkhani. Snape ndiye anamvetsera mobisa ulosi wa Sybill Trelawney, wonena za mwana amene adzagonjetse Voldemort, n'kukautula kwa Voldemortyo. Ankadziwa bwino lomwe kuti mawu amenewo aphetsa khanda la munthu wina, ndipo sanadandaule. Ulosiwo unkakwanira ana awiri obadwa kumapeto kwa July 1980, Harry ndi Neville Longbottom. Voldemort akanasankha Neville, kodi Snape akanathamangira kwa Dumbledore, mkulu wa Hogwarts amene ankalimbana ndi Voldemort, kukapempha thandizo monga anachitira? Ine sindikuona chimene chikanamuthamangitsa. Ndipo ngakhale zitadziwika kuti banja la Lily ndilo likusakidwa, pempho lake kwa Voldemort linali lakuti amusiye mayi yekha. Mwamuna wake afe, mwana wake afe, iye atsale. Taganizani, Lily akanatsala ndi moyo wotani? Dumbledore anamuuza poyera kuti akumunyansa, ndipo m'pamene Snape anati awabise onse.

Pali kachinthu kena m'buku lomaliza kamene anthu amakadumpha. Patapita zaka zambiri Lily ataphedwa ndi Voldemort pa 31 October 1981, Snape analowa m'nyumba ya Sirius Black, mnzake wa James, ku Grimmauld Place n'kupeza kalata ya Lily ndi chithunzi cha banja lake. Anatenga tsamba lokhala ndi siginecha ya Lily, chithunzicho anaching'amba pakati, n'kusunga mbali ya Lily akuseka, mbali ya James ndi Harry n'kuitaya pansi. Lily m'chithunzimo ankaseka chifukwa cha mwamuna wake ndi mwana wake. Munthu amene akukuchotsera anthu amene amakusangalatsa kuti atsale ndi nkhope yako yokha, akukonda chithunzi chimene wadzipangira m'mutu. Alongo athu ambiri amawadziwa amuna oterewa, amene ukawakana amayamba kudana ndi aliyense amene uli naye pafupi n'kumati n'chikondi.

Omukonda amati tayang'anani zaka zonse zija kuyambira 1981 mpaka imfa yake mu 1998, akuteteza mwana wa mdani wake, akunamiza Voldemort maso ndi maso. Amalozanso Patronus yake, nyama yamatsenga yoteteza mwini wake, imene inali mbawala yaikazi yofanana ndi ya Lily. N'zoona, ukazitape umenewu unafuna kulimba mtima koopsa, ndipo anapulumutsa Harry kuyambira chaka choyamba pamene mphunzitsi wina, Quirrell, ankafuna kumugwetsa pamasewera a m'malere a Quidditch. Koma munthu yemweyu ankalowa m'kalasi n'kumazunza ana a zaka 11. Anaopseza kumwetsa chule wa Neville mankhwala amene ankayembekezera kuti mwanayo alakwitsa kusakaniza. Hermione, mnzake wa Harry, mano ake atakula chifukwa cha matsenga, mphunzitsi wake anamuyang'ana n'kunena kuti sakuona kusiyana, mtsikanayo n'kuthawa akulira. Makolo a Neville anazunzidwa ndi otsatira Voldemort, Bellatrix Lestrange ndi anzake, mpaka kupenga, komabe m'buku lachitatu chinthu chimene mwanayu ankachiopa koposa padziko chinali mphunzitsi wake. Lily, amene anaima pakati pa James ndi mnyamata wozondotsedwa uja, akanaona zimenezi akanati chiyani?

Pamene ine ndimaona Snape atakula ndi pamene Lily palibepo. Usiku wosamutsa Harry ku Privet Drive, kumene ankakhala, mu 1997, Death Eater (wotsatira Voldemort) wina analoza ndodo kumsana kwa Remus Lupin. Lupin anali mnzake wa James, munthu amene Snape ankadana naye mpaka anaulula kuti amasanduka mmbulu n'kumutayitsa ntchito yauphunzitsi. Komabe Snape, amene usikuwo anali pakati pa otsatira Voldemort, anayesa kumupulumutsa, anaphonya n'kudula khutu la George Weasley, amene anali ndi Lupin, ndipo anatero akudziwa kuti akhoza kudziulula. Ali mphunzitsi wamkulu, Ginny, Neville ndi Luna atagwidwa akufuna kuba lupanga la Gryffindor, anawatumiza kwa Hagrid, bwenzi lawo, m'malo mowapereka m'manja mwa a Carrow, otsatira Voldemort amene ankazunza ana. Chithunzi cholankhula cha Phineas Nigellus chitamutchula Hermione ndi chipongwe chija, Snape anachiletsa mokalipa, pomwe panalibe munthu wamoyo womuona woti amutamande. Ndipo Dumbledore atamufunsa kuti waona anthu angati akufa, anayankha kuti posachedwapa ndi okhawo amene analephera kuwapulumutsa. Mnyamata amene anatula ulosi uja sakanayankha choncho. Analowa mbali yabwino chifukwa cha mkazi mmodzi ndi mlandu wa imfa yake, koma atakhalamo nthawi yaitali anayamba kuona kuti moyo wa anthu ena nawonso ndi wamtengo. Ndikhulupirira kuti mwiniwake sanazindikire n'komwe kuti wasintha, chifukwa atafunsidwa ngati wayamba kumukonda Harry anangoonetsa mbawala ija.

Mafilimu anatisokonezanso. Alan Rickman anali ndi zaka 55 filimu yoyamba itatuluka mu 2001, pomwe Snape wa m'buku loyamba ali ndi zaka 31 zokha, munthu wachinyamata wowawidwa mtima. Rickman anamupatsa ulemu ndi kudekha kumene m'mabuku mulibe. Nkhani ya mano a Hermione ndi ya chithunzi chong'ambidwa anazichotsa, n'kuwonjezera Snape atakumbatira mtembo wa Lily ku Godric's Hollow, zimene m'buku sizinachitike. Ngakhale pamenepo, khanda likulira pambali ndipo iye sakulicheukira.

Harry anatcha mwana wake Albus Severus, ndipo anthu amati basi, mlandu watha. Harry anali ndi ufulu wokhululuka, ndi iye amene anaona zikumbukiro zimene Snape anamupatsa akufa, ndi iye amene moyo wake unatetezedwa. Koma anakhululuka zimene zinamuchitikira iyeyo. Neville, amene pambuyo pake anadzakhala mphunzitsi pa Hogwarts pomwepo, palibe paliponse m'mabuku asanu ndi awiri aja pamene Snape anamupepesa.