Kamakina kanga musamakayerekeze ndi ng'oma

Dzulo ndinapsa mtima zedi. Ndinapita ku situdiyo ya mnzanga nditatenga ka Korg Volca Drum kanga, kamakina kopangira mabiti. Mkulu wina wobwera kudzajambula nyimbo zake anakanyamula, kukatembenuza uku ndi uku ngati akusankha tomato pamsika, kudina kamodzi, basi chigamulo chatuluka: "Achimwene, kachidole aka sikakulira ngati ng'oma yeniyeni."

Anakuuzani ndani kuti kanapangidwa kuti kazilira ngati ng'oma? Mukafuna ng'oma pitani kudambwe, mbalule ndi mpanje zilipo, aziwamba pamoto muvine mpaka kuche. Aka ndi kena. Mkati mwake mulibe mawu a ng'oma ojambulidwa ngakhale amodzi, kamapanga phokoso lake kokha ndi masamu. Kali ndi zigawo 6, chilichonse mawu awiri osanjikizana, ndiponso kali ndi mbali ina imene imachititsa mawuwo kumveka ngati akudutsa mu paipi kapena pa nsambo. Ukapotoza kabatani kamodzi, "du" uja amasanduka ngati wagogoda chigubu chopanda madzi, ukapitiriza amakhala ngati dontho likugwera pa lata. Ine ndinakagulira zimenezo, mawu amene chikopa cha ng'ombe sichingatulutse. Ndiye wina azindiuza kuti kakulephera kutsanzira chinthu chimene sikakutsanzira n'komwe?

Ndi makutu ozolowera chinthu chimodzi basi. Roland TR-808, mashini ina yopangira mabiti, itatuluka mu 1980 anthu ankainyoza chimodzimodzi, ati sikumveka ngati ng'oma zenizeni, mpaka anasiya kuipanga patangopita zaka zochepa. Lero hip hop yambiri ikudyera momwemo. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti mkulu yemweyo foni yake yadzaza amapiano. Log drum, besi ya mu amapiano imene imakugwedezani m'chiuno ija, mumayesa ndi chipika cha mtengo? Ndi mawu opangidwa pa kompyuta amene aja, bambo.

Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kamvereni kaye kamakinaka momwe kalili, osati kukafunsa chifukwa chake kalibe chikopa.

Ndipo poti ndayamba kale, inu ogulitsa mabatire m'misikamu muope Mulungu. Kamakinaka kamadya mabatire 6 a AA. Ndinagula paketi yonyezimira bwinobwino Loweruka magetsi atazima, ndisanamalize n'komwe kukonza biti imodzi kanali katathima kale.