Pemphero la ana athu amene akudikira kusankhidwa

Atate wathu wakumwamba, Chauta wamphamvu zonse, tagwada pamaso panu chifukwa cha ana athu. Munawadziwa asanaumbidwe m'mimba, ndipo tsitsi la pamutu pawo munaliwerenga kale. Landirani ulemu.

Tikupereka m'manja mwanu ana a Sitandade 8 amene alemba mayeso a PSLCE, mitima ili m'mwamba kudikira kuti dzina litulukira kuti. Wina akulota Dedza Government, wina Blantyre Secondary, atsikana akutchula St Mary's ya ku Zomba ndi Marymount ya ku Mzuzu. Koma malo ndi ochepa, Ambuye, ana ndi ambirimbiri. Chiyambire 1994 pamene pulayimale inakhala yaulere, makalasi anasefukira mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, koma khomo la sekondale silinakule chimodzimodzi. Tsegulani, Atate. Tsegulani pamene ife tikuona khoma lokhalokha. Munati wosowa nzeru apemphe kwa Inu amene mumapatsa mosatonza, ndiye tikupempha, tikupemphabe, sititopa.

Koma wanga mtima, Ambuye, uli pa mwana wa ku CDSS, sekondale yoyendera ya m'dera. Uja amadzuka tambala woyamba, kukatunga madzi kaye, kenako n'kuyenda mtunda wautali m'mimba muli pululu, yunifolomu itanyowa ndi mame. Chemistry amaiona pa bolodi basi, chipinda choyeseramo zinthu sanalowemo n'kamodzi komwe, buku limodzi amalimbirana kalasi yonse, komabe pepala la MSCE limene adzalembe ndi lomwelo limene alembe mnzake wa ku sukulu yogonera komweko amene amadya katatu pa tsiku. Muoneni mwana ameneyu. Musamudutse. Danieli ndi anzake aja ankadya zamasamba ndi kumwa madzi okha, Inu munawapatsa nzeru zoposa onse a m'nyumba ya mfumu. Chitaninso lero. Msungeni mtsikana amene akuchita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu, kutali ndi amayi ake, ufa ukatha pakati pa mwezi, bambo wina wamkulu n'kumamuonetsa ndalama. Mangani manja a bambo ameneyo, Yehova! Mtsikanayo afike Folomu 4 ali ndi cholembera m'manja, osati mwana kumbuyo.

Ndipo inu makolo anzanga amene mukunena Ameni apa, taimani kaye, ndilankhule nanu. Mwana wakhoza, wasankhidwa ku sukulu yoyendera, inu m'malo mothokoza mukumutchula mbuli chifukwa wa aneba wapita ku nashonale. Mukumubwereza Sitandade 8 mpaka kumera ndevu, osati chifukwa cha tsogolo lake, koma kuti mukayende mapewa ali m'mwamba kutchalitchi. Manyazi bwanji! Samueli atafika kwa Jese, ana asanu ndi awiri anadutsa pamaso pake, Mulungu anawakana onse, wodzozedwayo anali kubusa, bambo ake omwe atamuiwala. Ndandanda wa osankhidwa si buku la moyo. Lekani kuthyola mitima ya ana ndi pakamwa panu. Atate, tikhululukireni tonse, ndipo tsekani milomo yathu pamene ikufuna kutemberera.

Tetezani ana athu ku likasa ndi kwa onse ogulitsa mayeso pa WhatsApp. Tikukumbukira 2020 pamene mayeso a MSCE anabedwa n'kuimitsidwa pakati, ana osalakwa n'kulembanso. Zisachitikenso. Apatseni mtima woopa Inu aphunzitsi, oyang'anira mayeso ndi ochonga onse a MANEB, dzanja lawo lisatope, diso lawo lisalumphe tsamba.

Tikukumbukiranso a Folomu 4 amene akuwerengetsera mapointi usiku, magetsi atazima, tochi ya foni ili pa kope. Aliyense akufuna 6 points, koma Inu mukudziwa amene English yokha yamugwetsa pamene masamu wakhoza bwino. Akamadzaza fomu ya NCHE yofunsira malo ku yunivesite, atsogolereni asasankhe motengera anzawo kapena mokakamizidwa ndi amalume. Wofuna udokotala ndi unamwino mutsegulireni KUHeS. Wokonda nthaka ndi ziweto mufikitseni ku Bunda. Ena ku UNIMA ku Zomba, ena ku MUBAS, ena ku Mzuni, ena ku MUST ku Thyolo, monga mwa mphatso imene munaika mwa aliyense. Ndipo dzina likatuluka, musalole kuti malo apite pachabe chifukwa chosowa fizi, thiransipoti ndi pogona. Ngongole ya ophunzira imufikire wamasiye amene alibe womulankhulira.

Nanga amene wakhoza bwino koma dzina lake osaoneka? Ambuye, khalani naye usiku umenewo. Chotsani maganizo odzipha, chotsani botolo, chotsani mawu onama akuti watha ntchito. Muonetseni sukulu ya zaumisiri, ya uphunzitsi, ya unamwino ya mishoni, kapena mpatseni mphamvu zolembanso. Malingaliro amene muli nawo pa iye ndi a mtendere, munanena nokha kudzera mwa Yeremiya, ndipo Inu si munthu kuti muname.

Timvereni, Atate, timvereni chifukwa tilibe kwina kopita. M'dzina la Yesu Khristu, Mpulumutsi wathu.

Ameni.