Mitanda yopanda mitu ya m'midzi ya ku England isiyidwe momwe ilili

M'midzi yambiri ya ku England, pamphambano kapena pabwalo loyang'anana ndi tchalitchi, pamapezeka masitepe a miyala atatu kapena anayi. Pamwamba pake pamakhala mwala waukulu wobooledwa pakati, ndipo m'bowomo munazikidwa chipilala chomwe mutu wake unaduka kalekale. Umenewu ndiwo mtanda wa mudzi. Yambiri mwa mitandayi imatetezedwa ndi lamulo la 1979 loona za zinthu zakale, kotero kuti kuisuntha, kuikonza kapena kukumba pansi pake popanda chilolezo cha boma ndi mlandu.

Ena amadabwa kuti boma likuvutikiranji ndi chitsa cha mwala, koma ine ndikuona kuti likuchita bwino. Bungwe la boma loona za malo akale la Historic England limayerekeza kuti kale mitanda yotere inalipo yoposa 12,000, pamene yotsala lero siikwana 2,000. Pa mitandayi mpamene ulendo wa akhristu unkaima pa Lamulungu la Kanjedza, mpamene zilengezo zinkawerengedwa, ndipo m'malo ena amayi ankayala batala ndi mazira pa masitepewo tsiku la msika, ndipo miyala ina inaperepeseka pakati mpaka kumasunga madzi mvula ikagwa.

Kuteteza mtanda wa m'mudzi wa Geddington n'kosavuta, chifukwa aliyense amaona kukongola kwake. Ndi umodzi mwa itatu yotsala pa mitanda 12 imene Mfumu Edward I inamangitsa m'malo omwe mtembo wa mkazi wake Eleanor unagonera popita ku London mu 1290. Mitanda imene ndikuidandaulira ndi ija yodukaduka, yomwe anthu akufuna kwabwino amalakalaka kuiveka mitu yatsopano. Mitu yambiri sinagwe yokha. Inagamulidwa dala pa nthawi ya mikangano ya chipembedzo m'zaka za m'ma 1500, komanso mu 1643 pamene Nyumba ya Malamulo inalamula kuti mitanda ichotsedwe, chaka chomwe wa pa msewu wa Cheapside ku London unagwetsedwa. Kuikapo mutu wosemedwa dzulo n'kufafaniza umboni wa mkanganowo, ndipo nthawi zambiri wosemayo amangoganizira, popeza sanauonepo mutu woyambirirawo.

Ndalama zosemera mitu yatsopanozo zikanagwira ntchito yabwino yomata ming'alu ndi laimu m'malo mwa simenti, yomwe imasunga chinyezi n'kuwononga mwala, ndiponso kuzika zitsulo zotchinga kuti malole okhota pamphambano asamagunde masitepe.