Usiku umene ndinaopa kugogoda chitseko

Lamulo loletsa mowa ndi mankhwala ozunguza bongo pa koleji yachikhristu ine ndimagwirizana nalo, musandimve molakwa. Wophunzira amasaina yekha tsiku lofika, palibe amamugwira dzanja. A zaumoyo nawo ali mbali yomweyo: bungwe la United Nations loona zaumoyo la WHO linanena kuti mu 2019 mowa unapha anthu pafupifupi 2.6 miliyoni padziko lonse, ndipo ubongo wa munthu umakhala ukukhwimabe mpaka zaka za m'ma 25. Chimene chimandiwawa ndi chilango chimene sukulu zina zimaika: ukangogwidwa kamodzi, longedza uzipita.

Ndili chaka chachiwiri pa koleji ina ya mpingo, anyamata awiri anabwera ndi mnzanga wogona naye chipinda chimodzi cha m'ma 1 koloko usiku. Anali atamugwira m'khwapa, miyendo ikungokwakwaza pansi. Anamuponya pabedi, iwo ulendo. Ndinamuitana dzina, zii. Ndinamutsina pamkono, osagwedezeka n'komwe. Thupi lili zizirire, milomo itatuwa, akapuma kamodzi pankapita nthawi mpaka ine mtima kuima. Nyumba ya woyang'anira hositelo inali pafupi, moti ndikanangofuula akanamva. Koma sindinapite. Ndinkadziwa kuti ndikagogoda chitseko chija, mawa lake mnzangayo achotsedwa sukulu, ndipo ndinkadziwanso mmene mayi ake ankavutikira kupeza fizi. Ndinakhala pansi pasimenti mpaka mbandakucha, ndikuwerenga mpweya wake.

Anadzuka, Mulungu anatichitira chifundo. Koma ndikakumbukira, thupi limachitabe tsemwe, chifukwa zimene ndikudziwa lero nthawi imeneyo sindinkazidziwa. Mowa umene uli m'mimba umapitiriza kulowa m'magazi ngakhale munthu atasiya kumwa, ndiye amene mukuti wagona akhoza kukhala akuipiraipira. Khofi sathandiza, kumuthira madzi ozizira n'kumuika pangozi ina. Akagona chagada atha kutsamwa ndi masanzi ake omwe. Munthu wotere umamugoneka chammbali, sumusiya yekha, ndipo umaitana achipatala nthawi yomweyo. Ine ndinasankha kuteteza malo ake pasukulu, moyo wake ndikuuika pachiswe, ndipo lamulo lija ndi limene linandiphunzitsa kuganiza choncho.

Mu 2002, yunivesite ya Cornell ku America inakhazikitsa ndondomeko yoti wophunzira akaitana thandizo chifukwa mnzake waledzera moopsa, iye ndi wodwalayo salangidwa pa mlandu wakumwa. Wodwalayo amakaonana ndi alangizi. Imeneyi si sukulu ya mpingo, abale. Zimandipweteka kuti ife amene timalalikira za chisomo m'chapelo m'mawa uliwonse tizitsalira m'mbuyo pa nkhani ngati iyi.

Ena anena kuti mukangofewetsa, ana onse ayamba kumwa. Sindikuti lamulo lichoke. Ndikuti tisaike anthu onse m'thumba limodzi. Amene akugulitsa chamba kapena mapiritsi m'hositelo akuwononga anzake, ameneyo achoke, ndipo sindimumvera chisoni kwenikweni. Koma mwana amene walawa koyamba chifukwa chotengeka ndi anzake ndi wina. Winanso ndi uja wakodwa kale, akulephera kusiya ngakhale amalira popemphera. Ameneyu ndi wodwala. Mukamuthamangitsa mwangomuchotsa pamaso panu, akamwera kumene kulibe womufunsa kuti wadzuka bwanji.

Timakonda kutchula Aefeso 5:18, pamene Paulo akuletsa kuledzera, ndipo n'zoona. Paulo yemweyo pa Agalatiya 6:1 akuti munthu akagwidwa m'cholakwa, auzimu amubweze mofatsa. Bwanji vesi yachiwiriyi sitimaiona m'kabuku ka malamulo a sukulu?

Inu amene muli m'makomiti a mwambo, abusa ndi aphunzitsi, chonde tsegulani kabuku kanuko. Lembanimo momveka kuti wophunzira amene waitana thandizo pofuna kupulumutsa mnzake sachotsedwa, ndiponso kuti amene wabwera yekha n'kunena kuti mowa kapena chamba chamugwira apatsidwa mlangizi mwachinsinsi, osati kalata yopita kwa makolo tsiku lomwelo. Mukalemba, mukawawerengere a chaka choyamba sabata yomwe afika, ndipo nambala yoimba usiku imatidwe kuseri kwa chitseko cha chipinda chilichonse.